PHUNZIRO LA ZAUMOYO: Tikapita Kokasangalala ndi Ana, Tisabwereko ndi Matenda



Masiku ano mabanja ambiri, ana a Sande Sukulu, makwaya ngakhalenso magulu athu a amayi azolowera kukonza maulendo okasangalala. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, minibasi zimakhala yakaliyakali kulowera kunyanja ku Mangochi. M'mwezi womwewo chikhamu cha anthu chimasonkhana pa Chonde kuchikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe. Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere njira ya ku Likhubula imadzaza ndi anthu opita ku Dziwe la Nkhalamba. Ana athu amene ali ku Joni nawonso amatitumizira zithunzi ali ndi zidzukulu ku Gold Reef City ku Johannesburg kapena ku uShaka Marine World ku Durban. Kuno ku Mulanje tilibe malo a zoseweretsa akuluakulu ngati amenewo, koma tili ndi phiri, mathithi ndi malo ogona alendo amene anamangamo maiwe osambiramo. Kulikonseko zinthu zake ndi zofanana: anthu ambiri pamalo amodzi, dzuwa, chakudya chokhalitsa, zimbudzi zochepa ndi madzi.

Sitikuletsa maulendowa ayi. Mwana amene wakulira m'munsi mwa phiri lino ayenera kukaona mathithi ake ndi maso. Chimene tikufuna tiphunzire mwezi uno ndi chakuti matenda ambiri a paulendo amadzera m'madzi, amene timamwa ndi amene timasambamo, ndipo ambiri mwa matendawa saonekera tsiku lomwelo. Choncho ntchito ya mayi imayamba dzulo lake la ulendo, ndipo imatha patapita miyezi iwiri kapena itatu chibwerereni.

Tisananyamuke

Tiyambe ndi kutsegula kabuku ka kusikelo. Katemera wa chikuku amaperekedwa kawiri, mwana akakwana miyezi 9 ndiponso miyezi 15. Amayi ambiri amalekera pa woyamba, mwana akangoyamba kuyenda sikelo nkuiwalika. Chikuku chimayenda mumpweya, ndipo mwana mmodzi wodwala akhoza kupatsira anzake onse osabayidwa amene akwera naye minibasi imodzi. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno. Kuyambira 2023 kusikelo kulinso katemera wa taifodi, matenda ena odzera m'madzi ndi m'chakudya. Ngati pali katemera amene anatsala, tikaonane ndi alangizi a zaumoyo ulendo udakali kutali.

Mwana amene wadzuka akutsegula m'mimba, akutentha thupi, watuluka totupa kapena maso afiira, atsale pakhomo ndi munthu wamkulu. Tikudziwa kuti apa ndi povuta. Ndalama tinasonkha kale, diresi latsopano linasitidwa kale, mwanayo akulira. Ife tikuganiza kuti gulu lililonse ligwirizane pachiyambi pomwe kuti wotsala chifukwa cha matenda abwezeredwe ndalama zake. Popanda pangano limeneli mayi amabisa matenda a mwana, kumumwetsa panado nkumukweza galimoto.

Amene timamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, a mphumu, a khunyu kapena ma ARV, titenge okwanira ulendo wonse ndi kuonjezapo a masiku awiri, pakuti galimoto imafa panjira ndipo mlatho umatha kukokoloka. Pali amayi ena amene amasiya ma ARV kunyumba poopa kuti anzawo aona botolo. Botolo likhoza kukulungidwa m'kansalu nkukhala pansi pa chikwama, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wofunsa mnzake kuti akumwa chiyani. Wodwala shuga asayende wopanda kachakudya ndi timaswiti m'thumba, chifukwa kukwera chitunda ndi njala kumagwetsa shuga m'thupi.

Mayi mmodzi asankhidwe kusunga thumba la chithandizo. M'menemo mukhale mapaketi a Thanzi ORS, mapiritsi a zinki, panado, sopo, bandeji, pulasitala ndi botolo la WaterGuard. Asipirini si wa ana. Bactrim ndi Flagyl asakhalemo, chifukwa chizolowezi chogawana mankhwala amenewa ngati mtedza ndi chimene chikuchititsa kuti asiye kugwira ntchito pamene afunikadi.

Madzi akumwa ndi kamba wa paulendo

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Unafika m'maboma onse, ndipo Mangochi, kumene timakonda kupita pa tsiku la anakubala, linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Kolera amakonda nyengo ya mvula, yomwenso ndi nyengo ya Khirisimasi. Munthu akameza tizilombo take amatha kuyamba kudwala patangopita maola ochepa, kapena patapita masiku mpaka 5.

Madzi akumwa tinyamule kuchokera kunyumba, owiritsa kapena othira klorini motsatira muyeso wolembedwa pa botolo kapena umene alangizi a zaumoyo atiuza. Tikathira tidikire mphindi 30 tisanamwe. Tiwaike m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kuti tizichita kuthira m'kapu. Ndowa yotsegula imene mwana aliyense akuviikamo kapu ndi zala zake imakhala itaipa isanakwane 10 koloko.

Wina anena kuti, nanga kunyamuliranji madzi popita kuphiri kumene madzi ake ndi oyera mbee ndiponso ozizira bwino? Kuyera kwa madzi sikutiuza zimene zachitika kumtunda. Pa tsiku la tchuthi anthu mazanamazana amakhala m'mbali mwa mtsinje womwewo tsiku lonse, ndipo si onse amene amafunafuna chimbudzi. Madzi a m'chigubu akatha, tingatunge a mumtsinje, koma tiwathire klorini ndi kudikira.

Posamba m'manja tithirirane madzi ndipo tigwiritse ntchito sopo. Beseni limodzi loyenda kuchokera kwa akulu mpaka kwa ana ndi ulemu wa makolo, koma mwana womalizira amasamba litsiro la anthu onse.

Tsono za chakudya. Chizolowezi chathu ndi kudzuka 3 koloko usiku, kuphika mpunga ndi nkhuku, kukonza kabichi wa mayonezi, kuvundikira zonse bwinobwino nkuziika kumbuyo kwa minibasi, kudzadya 2 koloko masana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamalo ofunda kupitirira maola awiri. Mpunga ndiye wachinyengo kwambiri. Uli ndi tizilombo tina timene sitifa pophika, ndipo mpungawo ukakhala wofunda maola ambiri timaswana ndi kutulutsa poizoni amene satha ngakhale titautenthetsanso. Mpunga wotero sununkha ndipo susintha maonekedwe. Timangoona ana asanu akusanza nthawi imodzi pobwerera, ife nkumati ndi fungo la petulo.

Kamba wabwino ndi amene saonongeka msanga: zigumu, mandasi, mtedza wokazinga, chimanga ndi mbatata zootcha, mazira owiritsa osasenda, nthochi, malalanje ndi nanazi wathu wa kuno amene tikasende tokha ndi mpeni woyera. Ngati gulu likufunitsitsa mpunga ndi nyama, ndi bwino kunyamula zosaphika ndi mbaula nkukaphika komweko, pamalo pamene eni ake alola kusonkha moto, ndi kudya zikadali zamoto.

Pachikondwerero ngati cha pa Chonde ana amafuna chilichonse chimene aona, ndipo akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tigule chimene chikuchoka pamoto ife tikuona. Tchipisi cha pachiwaya chilibe vuto chikakhala chamoto. Chovuta ndi kabichi ndi tomato wosaphika amene amaika pamwamba, pakuti sitidziwa madzi amene anatsukira. Thobwa ndi zakumwa zoumitsa za m'timapepala zimadalira madzi amene wokonzayo anagwiritsa ntchito, ndipo kapu ya thobwa kawirikawiri imatsukuluzidwa mu ndowa imodzi tsiku lonse. Ogulitsawo ambiri ndi amayi anzathu ofuna fizi ya ana, sitikuwaphera msika, koma tinyamule kapu yathuyathu ndipo tigule kwa amene wavundikira malonda ake. Kalongonda amafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo. Wosapsa bwino amachititsa chizungulire ndi kusanza, choncho ana aang'ono asadye wa munthu amene sitikumudziwa kaphikidwe kake.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba tili paulendo tisadikire kufika kunyumba. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Tisungunule paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndiye kuti mabotolo awiri a 500 ml. Ngati paketi palibe, mu lita imodziyo tithire masupuni a tiyi 6 a shuga osalaza pamwamba ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Tilawe: asawawe mchere kuposa misozi. Timwetse pang'onopang'ono, akasanza tidikire mphindi 10 nkuyambanso. Woyamwa apitirize kuyamwa. Zinki amwe tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutaleka. Koma tikaona chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, kapena cha magazi, maso alowa, liwombo lalowa, khungu tikalitsina silikubwerera msanga, mwana sakukodza kapena akulephera kumwa, ulendo watha pomwepo. Galimoto itembenukire kuchipatala chimene chili pafupi, tikumumwetsabe m'njira. Liwombo lolowa silifuna kumatidwa mankhwala. Likutiuza kuti madzi atha m'thupi.

Dzuwa la Okutobala nalonso limamwa madzi a m'thupi. Mwana akatengeka ndi masewera saitanitsa madzi, tizichita kumuitana. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi chizindikiro. Pa jumping castle ana aakulu asalowe pamodzi ndi aang'ono, pakuti mitu imagundana ndipo mikono imathyoka. Ana achialubino avale chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali, adzole mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo masana akhale pamthunzi.

Pa dziwe

Kuchokera pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula kukafika ku Dziwe la Nkhalamba ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, wokwera chitunda. Amayi a BP ndi a mawondo ayende pang'onopang'ono kapena atsale kumunsi. Si mpikisano wa onyamula katundu uja wa mu Julayi. Dziwelo ndi lokongola, koma ndi lozama, madzi ake ndi ozizira kwambiri, miyala yake ndi yoterera, ndipo lamezapo anthu, ambiri mwa iwo achinyamata. Nkhani za mizimu ya m'phiri tonse tinazimva kwa agogo athu. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tingoonjezapo zimene thupi limachita. Munthu amene watenthedwa ndi ulendo akadumphira mwadzidzidzi m'madzi ozizira, thupi limadzidzimuka ndipo amakoka mpweya mosafuna. Mutu ukakhala uli pansi pa madzi, amakoka madzi. Akakhalitsamo manja ndi miyendo zimauma mphamvu, ngakhale kwa amene amadziwa kusambira. Akakhala kuti walawako mowa, ndiye zimafulumira.

Lipoti la WHO la 2024 linati anthu pafupifupi 300,000 anamira m'madzi padziko lonse m'chaka cha 2021, ndipo ambiri anali ana ndi achinyamata. Chimene amayi ambiri sadziwa ndi chakuti mwana womira sakuwa. Alibe mpweya wokuwira. Amangomira mwakachetechete pakati pa anzake amene akuseka, ndipo zimatenga mphindi zochepa chabe. Ngozi zotere zimakonda pamene akulu achuluka, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akuyang'anira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, koma pa dziwe mawu amenewa tiwapatse maina. Mayi aliyense apatsidwe ana osaposa asanu, awadziwe maina, ndipo pa nthawi yakeyo asaphike, asajambule zithunzi, asacheze. Akatopa apereke anawo m'manja mwa mnzake mochita kunena. Ana awerengedwe pokwera galimoto, pofika, pochoka kumadzi ndi pobwerera. Osadziwa kusambira asapitirire madzi a m'mawondo. Mwana wa khunyu asalowe m'madzi popanda wamkulu womugwira pafupi, ngakhale akumwa mankhwala.

Wina akayamba kumira, amene sadziwa kusambira asadumphiremo, chifukwa maliro amakhala awiri. Timuponyere chitenje, nsungwi, chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, ife titagona pansi kapena titagwira pamwala. Tikamutulutsa tisamuzondotse kapena kumupsinja pamimba kuti madzi atuluke. Kumeneko ndi kutaya nthawi. Ngati sakupuma, timugoneke chagada, tikweze chibwano, timuuzire mpweya m'kamwa ndi kupsinja pakati pa chifuwa mosinthanasinthana, wina akukonza galimoto. Ngati akupuma, timugoneke chammbali, timuvule zonyowa ndi kumufunditsa. Apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, pakuti madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola.

M'nyengo ya mvula pali choopsa china. Mvula imatha kugwa pamwamba pa phiri kumunsi kuli dzuwa, madzi nkufika mwadzidzidzi. Madzi akayamba kuda, kubwera ndi masamba ndi timitengo, kapena mkokomo wa mathithi ukakula, aliyense atuluke nthawi yomweyo ndi kukwera kumtunda. Anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa zimene madzi a m'phiri lino angachite.

Achinyamata athu ena safuna kulekera pa dziwe, amafuna kukagona pamwamba ngakhale kukafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002. Chiyambire 2025, pamene bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, chidwi chimenechi tiyembekeze kuti chikula. Apite ndi wowatsogolera wodziwa njira, anyamule juzi ndi chodzitetezera ku mvula ngakhale kumunsi kukutentha. Chiperoni akagwa njira imasowa ndipo kuzizira kumapha. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anapitirira yekha chakumtunda atasiya womutsogolera, ndipo anapezeka patapita masiku ambiri atamwalira ndi kuzizira.

Maiwe omanga a kumalo ogona alendo tisawakhulupirire chifukwa chakuti amanunkha klorini. Pali tizilombo tina totsegula m'mimba, totchedwa Cryptosporidium, timene timakhala ndi moyo m'madzi a klorini kupitirira sabata. Mwana wotsegula m'mimba asalowemo, ana asameze madziwo, ndipo ngati pansi pa dziwe sipakuoneka asalowe aliyense.

Kunyanja

Ku Mangochi ndi kumadera ena a m'mbali mwa nyanja kuli likodzo, makamaka pamadzi odekha a m'mabango ndi pamadooko pamene anthu amachapa ndi kusamba. Lilinso ku nyanja ya Chilwa ndi m'madambo mwathu momwe. Tizilombo take timakulira mu nkhono zazing'ono za m'madzi, nkutuluka kukalowa pakhungu la munthu. Sipafunika bala, ndipo mphindi zochepa ndi zokwanira. Kudzipukuta msanga ndi thaulo sikuteteza mokwanira. Tsiku limenelo mwana amangomva kuyabwa pang'ono kapena osamva kanthu. Magazi mumkodzo amadzaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, ulendo uja titauiwala.

Apa amayi timvetsetse bwino, chifukwa likodzo lasokonezapo mabanja. Kwa mayi kapena mtsikana, mazira a tizilomboti amatha kukhazikika m'njira ya chiberekero nkuyambitsa kuyabwa, ukazi wachilendo, kupweteka ndi kutuluka magazi pokhala malo amodzi ndi bambo. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Mtsikana amakalipiridwa kuti wayamba chiwerewere, mayi ndi bambo amalozana zala, chonsecho gwero lake ndi tsiku limodzi losamba kunyanja. Tikapita kuchipatala ndi vuto lotere tinene poyera kuti tinasamba kunyanja mwezi wakuti.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'sukulu, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa munthu, atadya kaye. Amapha nyongolotsi zokhwima zokha, choncho kumwa tsiku lobwera kunyanja ndi kungotaya. Tidikire masabata 6 mpaka 8, kenaka onse amene analowa m'madzi akaonane ndi achipatala.

Ngati tikagona komweko, neti ipite nafe pamodzi ndi chingwe chomangira. Tisadalire ya kumalo ogona, nthawi zambiri imakhala yobooka kapena palibe. Katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa m'maboma ena a dziko lino mu 2019 amachepetsa matenda, koma salowa m'malo mwa neti. Zidzukulu zobadwira ku Johannesburg zimene zimabwera pa Khirisimasi ndizo zili pangozi yaikulu. Kumeneko kulibe malungo, choncho matupi awo sanakumanepo nawo, ndipo akawagwira amakula msanga. Makolo awo akafunse mankhwala oteteza asananyamuke, ndipo mwana akadzatentha thupi atabwerera, akamuuze dokotala kuti anali ku Malawi, chifukwa kumeneko angayambe kuganiza za chimfine.

Titabwerako

Mlembi wa gulu asunge maina a onse amene anapita ndi tsiku la ulendo. M'masiku 5 oyamba tiyang'anire kutsegula m'mimba, ndipo anthu angapo a ulendo umodzi akadwala mofanana tidziwitse alangizi a zaumoyo msanga. Kuyambira tsiku la 7 mpaka masabata angapo, kutentha thupi kulikonse tikuyese malungo mpaka magazi atayezedwa. Kuyeza kwa pachala kumatenga mphindi 15 kapena 20 zokha. Akapezeka nawo amalize LA yense, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Tisasungeko wina kuti adzathandize mng'ono wake. Akapanda kupezeka nawo koma thupi likutenthabe masiku angapo, mutu ndi m'mimba zikupweteka, tibwererenso kuchipatala, pakuti taifodi imayamba pakatha sabata imodzi kapena itatu. Totupa, chifuwa ndi maso ofiira pakatha masiku 10 mpaka 14 zikhoza kukhala chikuku. Mwanayo asapite kusukulu kapena ku Sande Sukulu asanaonedwe. Mwana wokomoka, wosanza chilichonse, wolephera kuyamwa kapena wofooka kwambiri sagonetsedwa pakhomo kudikira kuche.

Pa msonkhano wotsatira atsogoleri a nthambi apemphe mayi aliyense kubweretsa botolo la 500 ml, supuni ya tiyi ya kunyumba kwake ndi kabuku ka kusikelo ka mwana kapena mdzukulu wamng'ono. Tisakanize madzi a shuga ndi mchere aliyense ndi manja ake nkulawa, chifukwa masupuni athu amasiyana kukula. Nthambi zimene zili pafupi ndi chipatala zipemphe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti adzationetse pa chidole kauziridwe ka mpweya ndi kapsinjidwe ka chifuwa.